Tsiku limene bambo anaiwala kuti akujambulidwa

Ku yunivesite ndinapita kukaphunzira za ulimi, ndipo kwathu ku Dambe aliyense ankadziwa kuti ndikabwerako ndidzakhala mlangizi, woyenda pa njinga yamoto m'midzi. Zimenezo bambo ankazimvetsa ndipo ankazinyadira. Chimene sankachimvetsa n'chakuti m'chaka chachiwiri ndinawonjezera phunziro lina lapambali, la ziyankhulo. Sukulu inkalola munthu kutola kaphunziro kena kunja kwa ntchito yake, ndiye anzanga ambiri anathamangira za malonda. Ine ndinakalowa m'kalasi mmene munali anthu osakanikirana ngati m'minibasi ya tsiku la msika: a zamalamulo, a zaunamwino, a makompyuta, a zauphunzitsi, ndi ine wonunkha manyowa. Aliyense anabwera ndi chifukwa chake. Changa chinali chakuti ndimakonda kumvetsera anthu akamayankhula, basi.

Nditapita ku tchuthi ndinawafotokozera bambo. Anasiya kaye ntchito imene ankagwira.

"Ndiye kuti ine ndizithyoka msana m'munda wa fodya kuti iwe ukaphunzire kuyankhula? Unayamba kuyankhula usanamere mano, ndipo mpaka lero sunapumeko."

Ndinawauza kuti sakutiphunzitsa kuyankhula ayi. Tikuphunzira mmene anthu amayankhulira: pamene lilime limagunda munthu akamatchula mawu, chifukwa chake wa ku Mchinji sayankhula ngati wa ku Zomba, chifukwa chake munthu yemweyo amayankhula mosiyana kutchalitchi ndi kudimba. Ndinawonjezera kuti mlangizi amene sadziwa zimenezi amangotaya malovu pamaso pa alimi.

"Zimenezo ukanangondifunsa ine," anatero, n'kubwerera ku ntchito yawo.

Sankanama. Bambo anga anali munthu wa pakamwa. Sindikunena miseche kapena bodza. Ndikunena kuti akayamba nkhani, anthu osankha fodya m'chigafa ankaiwala kuti msana ukuwawa. Ankatha kuyankhula ngati wansembe wachizungu amene anawabatiza ali ana, ngati kondakitala woitanira anthu pa Kamwendo, ngakhale ngati amayi akakwiya, amayiwo ali pomwepo. Ali mnyamata anayenda kwambiri kutsidya kwa malire, choncho nkhani ikafika pokoma Chinyanja cha ku Zambia chinkatuluka chokha. Koma analinso wapampando wa mphakati wathu wa kutchalitchi, ndipo ulemu umenewo ankausamala ngati dzira.

Chaka chimenecho mawu awo anayamba kusasa. Poyamba tinkati ndi chimfine, kenako tinkati ndi fumbi la fodya. Amayi anawamwetsa mandimu ndi uchi mpaka mtengo wa mandimu unatsala masamba okhaokha. Kuchipatala anawatumiza ku Lilongwe, ndipo kumeneko madokotala anapeza chotupa pakhosi. Anawapatsa tsiku la opaleshoni, n'kuwauza mosabisa kuti moyo akhoza kuupulumutsa, koma mawu mwina sadzabwereranso. Amayi anandiuza zimenezi pafoni, monong'ona, ali kuseri kwa nkhokwe. Pakhomo panalibe amene ankaitchula nkhaniyi mokweza.

M'masabata omwewo aphunzitsi athu a ziyankhulo, mayi wina wamfupi amene ankayenda ndi magalasi pamphumi uku akuwafunafuna, anatipatsa ntchito ya patchuthi. Aliyense akajambule mawu a munthu wakwawo akuyankhula mmene amayankhulira masiku onse, kenako akalembe zonse, ndi kutsokomola komwe. Anatichenjeza zinthu ziwiri. Choyamba, munthu sajambulidwa mobisa, umayamba wamupempha. Chachiwiri, munthu akadziwa kuti akujambulidwa amasintha. "Mmene mungazigwirizanitsire ziwirizi mukaona nokha," anatero akuseka. Ine mumtima ndinati, amenewa sawadziwa bambo anga. Kunena zoona, za malikisi sindinkaziganizira. Ndinkafuna mawu a bambo ndiwasunge asanapite, ndipo ntchito ya kusukuluyi inangondipatsa poyambira kuwapempha popanda kutchula chimene tonse tinkachiopa.

Ndinafika kumudzi nyengo yosankha fodya. Nditawapempha, bambo anavomera mosavuta, moti ndinadabwa. Anangoti ndidikire pang'ono. Ndinamva akupempha madzi osamba dzuwa lili pamutu. Patapita nthawi anatulukira atavala jekete ya Lamulungu, tayi ali m'khosi, nsapato zopolishidwa. Anaika mpando pansi pa mtengo wa mango, n'kuuza amayi kuti athamangitse nkhuku.

"Ababa, foniyi ikutenga mawu okha. Chithunzi ayi."

"Aphunzitsi akowo akamva okha kuti munthu uyu wavala jekete. Yatsa."

Ndinayatsa. Bambo anakonza kukhosi, anawongola msana, n'kuyamba.

"Choyamba ndithokoze mwapadera akuluakulu onse a sukulu ya ukachenjede chifukwa cha mwayi umenewu. Ine ndine mlimi wa fodya ndi chimanga. Ulimi ndi wofunika kwambiri pa chitukuko cha dziko lathu."

Ndinawayang'ana ngati ndikuona mlendo. Ndinayesa kuwakokera ku nkhani zawo, ndinati, "Ababa, tafotokozani za galu uja analowa m'tchalitchi pa ukwati." Iwo anayankha kuti, "Nkhani imeneyo siyoyenera pa bwalo ngati lino." Bwalo lake linali ine, amayi ndi nkhuku zimene zinali zitabwerera kale.

Tsiku lotsatira ndinayesa m'chigafa. Ndinaganiza kuti manja akatanganidwa ndi fodya, pakamwa pamasuka. Ndinapempha onse amene analimo, anavomera, ndinaika foni pa belo. Chigafa chonse chinangoti zii ngati pamaliro. Anthu amene dzulo lake ankaseka mpaka kugwetsa misozi anayamba kusankha fodya mwaulemu, akuyang'ana pansi. Bambo anayang'ana foni ija, n'kuyamba kuti, "Monga ndanena kale, fodya amafuna chisamaliro." Ndinayesa m'mawa, ndinayesa madzulo, ndinayesa kuiphimba ndi mpango atandilola. Zinali chimodzimodzi. Ndikangoti ndazimitsa, bambo anga ankabwerera, nthabwala n'kuyambiranso. Ndikati ndayatsa, pankakhala wapampando wa mphakati. Ndipo tsiku lililonse mawu aja ankanka nasasa, moti pofika madzulo ankatuluka movutikira.

Ndinakwiya. Ndinawakwiyira bambo chifukwa cha jekete yawoyo, ndinawakwiyira aphunzitsi chifukwa cha lamulo lawo, ndinadzikwiyira ndekha chifukwa chosatha kungobisa foni m'thumba ngati mmene wina aliyense akanachitira. Tchuthi chinali kutha. Amayi anandipeza kuseri kwa khitchini ndikulira. Anakhala pa mtondo n'kuyamba kusenda mtedza.

"Ukufuna bambo ako enieni?" anatero. "Mawa ndi tsiku la msika. Pita pa Kamwendo ukawaitane amayi ako a ku Zambia. Koma za opaleshoni usakatchule. Akamva abwera ndi nkhope ya maliro, ndiye palibe chimene upindule."

Amayi a ku Zambia amenewa si amayi anga ondibereka, ndiponso si mkazi wachiwiri wa bambo. Ndi msuweni wawo, mwana wa amalume awo, amene anakulira ndi kukwatiwa kutsidya kwa malire ndipo amabwera kudzagulitsa zitenje masiku a msika. Kwathu asuweni sapatsana ulemu. Amanyozana, amalandana zinthu, amatchulana kuti mkazi wanga, mwamuna wanga, mwini wake weniweni ali pomwepo, ndipo palibe amene amaloledwa kukwiya. Ukakhala mfumu, ukakhala wapampando, msuweni wako amakutchula kuti iwe. Ndiye chifukwa chake ife ana tinkawatchula kuti amayi, ndipo amayi anga ankawatchula kuti akazi anzanga.

Mawa lake ndinawapeza pamsika atakhala pakati pa zitenje zawo, akukangana ndi wogula. Atandiona anakuwa.

"Mwana wa mwamuna wanga! Chikali na moyo chimunthu chija?"

Ndinati alipo, kungoti mawu akusasa.

"Ni mabodza amene amupweteka pakhosi. Nizabwera nimuone msika ukatha."

Madzulo a tsikulo bambo anavalanso jekete yawo, chifukwa ndinawauza kuti tiyese komaliza. Tinakhala pansi pa mango paja. Ndinaika foni pa tebulo n'kunena momveka kuti, "Ababa, ndayatsa." Anagwedeza mutu n'kuyamba kufotokoza za ubwino wa manyowa. Ali mkati, kabaza anaima kumsewu, ndipo mawu anafika mwini wake asanatsike.

"Iwe! Wamwalira ndani kuti uvale jekete pakati pa sabata?"

Bambo anayang'ana foni, anayang'ana mlendoyo, anayang'ananso foni.

"Takulandirani, mayi," anatero.

"Mayi? Ine? Manje wapenga zoona. Akazi anzanga, mwamudyetsa chani mwamuna wathu?"

Ndinawauza amayi a ku Zambia kuti foni ikujambula mawu, ndi ntchito ya kusukulu, ndipo ngati sakufuna ndizimitsa. Anati, "Isiye chabe, aphunzitsi ako adziwe mtundu wa tate amene uli naye." Anakoka mpando, anachotsa chipewa pamutu pa bambo n'kuchivala iwo, n'kutembenukira kwa ine.

"Anakuuza uyu za shuga? Sanakuuze. Tikali achinyamata, uyu anati afuna kukhala wamalonda. Anamanga thumba la shuga pa njinga, ati apite nalo kwathu ku Zambia podzera njira ya m'tchire. Pofika pa kamtsinje anamva tswa tswa m'thengo. Ati ni apolisi! Anaponya thumba lonse m'madzi, iye n'kugona m'matope, kupemphera. Shuga yonse kusungunuka. Pamene anadzutsa mutu, apolisi ake aja ni kambuzi, kali kumuyang'ana."

Ndinaona khosi la bambo likukwera ndi kutsika. Anagwira tayi wawo. Anayesetsa ndithu, ndimawachitira umboni. Koma mbuzi ija sanathe kuimeza.

"Inali ng'ombe!" anaphulika. "Ng'ombe yamphongo, nyanga zake apa ndi apo! Iwe unaliko? Si iwe unandituma shugayo, ukuti ukufuna kuphika thobwa la chinkhoswe, chinkhoswe chake mwamuna anathawa asanalawe n'komwe?"

"Anathawa ataona achibale anga, kuyambira iwe!"

Basi, chinatseguka. Jekete inapita pa nthambi ya mango, tayi analowa m'thumba. Anakumbutsana za dansi wina kumene bambo anang'amba buluku, za mpunga umene amayi a ku Zambia anaphikira alendo n'kupserera mpaka agalu kuukana, za anthu amene anamwalira ine ndisanabadwe. Bambo anawayeseza onsewo mmodzimmodzi, mayendedwe ndi mayankhulidwe omwe. Mawu ankasasa, pena ankaduka pakati, iwo n'kumwa madzi n'kupitiriza. Chinyanja chinasakanikirana ndi Chichewa moti sukanadziwa pamene malire adutsa. Amayi anga anaseka mpaka kukhala pansi, akupukuta misozi ndi chitenje. Ine ndinangokhala chete, ndikuopa ngakhale kuyang'ana foni ija, kuti maso anga angawakumbutse.

Dzuwa lili pafupi kulowa mlendo anatsanzika, chipewa cha bambo chili kumutu, ndipo anapita nacho. Bambo anamuperekeza ndi mwano mpaka kumsewu. Pobwerera anaima pa tebulo. Kuseka kunatha pankhope pawo.

"Chakhala chikumva chimenechi?"

"Ndinakuuzani kuti ndayatsa, ababa."

"Fufuta."

"Ababa."

"Ndati fufuta. Ukufuna anthu ophunzira akamve wapampando wa mphakati akunena za mabuluku ong'ambika? Akati mwana uyu wachokera kubanja lotani? Uli nazo zabwinobwino zimene ndinakuyankhulira. Upite nazo zimenezo."

Ndinkadziwa kuti akalimbikira ndifufuta. Mawuwo ndi awo, ndipo ndinali nditaphunzira kale kuti mwini mawu akakana, wakana. Ndiye ndinanena chimene pakhomo ponse tinkachizemba.

"Sindikufunira sukulu, ababa. Amayi anandiuza zimene madokotala ananena. Mukabwerako ku Lilongwe mwina sindidzakumvaninso. Wa jekete uja si inu. Ine ndikufuna bambo anga."

Amayi anadzuka n'kulowa m'nyumba. Bambo anakhala pansi pang'onopang'ono. Anayang'ana kumunda, ndipo ndinaganiza kuti ndawalakwira kwambiri. Kenako anatambasula dzanja.

"Tayika ndimve."

Ndinabweza pang'ono n'kuyatsa. Panatuluka mawu awo akuyeseza amalume awo ataledzera. Anamvetsera nkhope ili gwa, koma pakamwa panawapereka, panayamba kugwedera.

"Mawu anga ndi oipa chonchi?"

"Ndi omwewo."

"Ndiye anthu akhala akupirira." Anapukuta m'maso ndi chikhatho. "Sunga. Koma izi zisatuluke pakhomo pano. Kusukulu upite ndi za jekete."

Ndinachita momwemo. Ndinalemba mawu onse a wapampando, za chitukuko ndi za manyowa, ndipo aphunzitsi anandipatsa malikisi apakatikati. Anandifunsa ngati ndinalibe china chomasukirapo. Ndinati chilipo koma mwini wake anakaniza. Anatsitsa magalasi awo, anandiyang'ana, ndipo sanafunsenso.

Opaleshoni inayenda bwino, ndipo bambo ali moyo mpaka lero. Mawu ndiwo sanabwerere. Akafuna kunena kanthu pamatuluka mpweya wokha, ndiye anaphunzira kuwomba m'manja, kuloza, ndi kugogoda kapu ndi supuni. Chimene chinkandipweteka kwambiri m'miyezi yoyambirira si kusowa kwa mawuko, koma mmene anthu anasinthira. Ankabwera kudzawazonda, n'kumawapatsa moni mokweza ndi pang'onopang'ono ngati agontha. Ena ankafunsa amayi kuti, "Adya koma?" bambo ali pomwepo. Aliyense anali waulemu, aliyense anali wachifundo, ndipo bambo ankangofota pa mpando wawo. Nditabwera ku tchuthi china anandikodola, n'kuloza foni yanga, n'kuloza kafoni kawo ka mabatani kamene amamvera wailesi. Ndinawaikira zojambula zija. Amayi anandiuza pambuyo pake kuti masana ankapita m'chigafa chopanda fodya n'kukakhala okha, kafoni kali kukhutu.

Amayi a ku Zambia anamva mochedwa, chifukwa nthawi imeneyo anali atasiya kaye kubwera kumsika. Tsiku limene anabwera ine ndinalipo. Sanakuwe kumsewu. Anatsika pa kabaza mwakachetechete, atanyamula nkhuku, nkhope ili yakugwa. Anafika pansi pa mango pamene bambo anakhala akumwa tiyi, anagwada chapatali, n'kuwomba m'manja mofatsa.

"Pepani, achimwene. Sininamve. Mwauka bwanji? Mulungu ni wamkulu, musadandaule."

Ndinali nditawaona bambo kuchipatala ali ndi mapaipi, koma sindinawaonepo akuoneka odwala ngati mmene anaonekera pa nthawi imeneyo. Nkhope yawo inagwa. Munthu mmodzi yekha padziko lapansi amene sankayenera kuwapatsa ulemu anali atagwada pamaso pawo, akuwatchula kuti achimwene. Anatsegula pakamwa, panatuluka mpweya. Anatseka.

Kenako anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kafoni kaja. Anayamba kudina. Panamveka chidutswa cha kuseka, anadumpha. Panamveka mawu a amayi anga, anadumphanso. Mlendo anayang'ana kwa ine mosamvetsa, akadali chogwada. Bambo anapeza pamene ankafuna, anakweza mpaka pamapeto, n'kutambasula dzanja kuloza kafoniko kumaso kwa msuweni wawo. Mawu awo, osasa koma amphamvu, anadzaza bwalo lonse.

"Khala chete iwe! Pakamwa ngati chitseko cha chimbudzi cha pamsika, chosatsekeka!"

Anazimitsa, n'kupinda manja, n'kudikira.

Amayi a ku Zambia anauma. Misozi inatsika masaya onse awiri. Ndinaganiza kuti alira mokweza ndipo zonse ziwonongeka. Koma anapukuta nkhope ndi mpango, anadzuka, anasasa fumbi m'mawondo, n'kugwira m'chiuno.

"Onani chimunthu ichi! Madokotala achotsa kholingo, mwano ausiya. Akazi anzanga, m'bwezeni ku Lilongwe uyu, ntchito sanaimalize!" Anatola kapu ya tiyi ya bambo n'kuimwa yonse. "Na nkhuku yanga nibwerera nayo. Siningadyetse munthu wotukwana alendo."

Bambo anaseka. Panalibe phokoso, koma mapewa ankagwedezeka, mutu unapita kumbuyo, ndipo misozi inayenderera mpaka m'khosi. Amayi anga anatuluka m'khitchini akuthamanga, poganiza kuti atsamwa. Anawapeza ali bwinobwino, chala chili kale pa batani, akusaka yankho lina.